Ng'oma isiyeni, chomwe chikutilanda nyimbo ndi sipika

Mwezi wa Juni wapitawu tinaika azakhali anga kumudzi kwathu, kuseri kwa phiri la Domwe. Amene mumaidziwa Angonia mukudziwa kuzizira kwa Juni, kuja koti uli pafupi ndi moto nkhope ikupsa koma msana ngati wina wakuthira madzi a pachitsime. Uthenga unandipeza ku Tete m'mawa, ndinakwera chapa, minibasi zathu zija, masana, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama, kukafika pa Ulongwe kutada kale, nde kuchoka apo njinga yamoto mpaka kumudzi. Tisanafike nkomwe pakhomo, tidakali kudambo uko, ndinayamba kumva nyimbo. Ndinadziwa pompo kuti si anthu akuimbawo. Inali sipika, ziwiri zazikulu zakuda zija zomwe amabwereketsa paukwati, ataziika pa tebulo pafupi ndi nkhokwe, jenereta ikulira kuseri kwa khola, kamnyamata kena kavala jekete yachipewa kakhala pampando kakusintha nyimbo za mu fulashi.

Nyimbo zake zinali zabwinobwino, zauzimu, zambiri za ku Malawi, zina za Chinyungwe, ina ya Chipwitikizi. Sindikudandaula nazo nyimbozo. Chomwe chinandigwira mtima nchoti nditalowa m'siwa kukapepesa ndinapeza amayi odzaza nyumba, afunda makapulana awo mpaka kumutu, onse duu. Wina akusinza, wina akuyang'ana pansi, atsikana awiri pakona agwirizana pa foni imodzi. Panja abambo azungulira moto, akulankhula mokuwa chifukwa sipika ikuwaposa mawu, nkhani yake ya mtengo wa feteleza ndi mbatatesi. Azakhali anga anaimba kwaya zaka zonse zomwe ine ndawadziwa, maliro aliwonse m'mudzimo ankachezera mpaka mawu kusasa, ndipo usiku wawo womaliza pakhomo pawo panalibe munthu m'modzi wotsegula pakamwa.

Cha m'ma 2 koloko usiku petulo anatha mu jenereta. Kunangoti zii. Munamveka chifuwa cha munthu, galu kuuwa kutali, nkhuni kuthetheka. Anyamata anayamba kukambirana zoti akadzutse wogulitsa petulo wa m'mabotolo. Mphindi zingapo zinadutsa chonchi, kenaka m'siwa muja gogo wina, mnzawo wa azakhali kuyambira ku utsikana, anayambitsa nyimbo ya m'buku, kamawu kake kakang'ono konjenjemera. Mzere woyamba anaimba yekha. Wachiwiri anamuvomera amayi atatu kapena anayi, onse aimvi. Atsikana aja anaika foni pansi koma pakamwa pawo panalibe mawu, sankaidziwa. Nyimbo yachiwiri amayi ambiri analowa, yachitatu ife abambo kunja tinapezeka taika besi osapangana, ndipo apo mpomwe mwana wamkazi wa malemu, amene tsiku lonse anangokhala ngati mwala, anayamba kulira kulira kwenikweni, amayi awiri nkumugwira. Ine ndinalira nawo pamoto pomwepo, sindibisa. Petulo atabwera gogo uja anatumiza mawu kuti awauze anyamatawo adikire kaye, ndipo anadikiradi mpaka kunja kunayamba kuyera.

Ndalemba izi chifukwa mwezi womwewo, m'banja lomweli, tinali ndi nkhani ina ya nyimbo, ndipo nditaziika pamodzi ziwirizi ndaona kuti ife akhristu a kuno tikuthamangitsa mbuzi ya eni pomwe fisi ali m'khola. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amaimba kiyibodi ndi ng'oma kutchalitchi kwawo kuyambira ali ndi zaka 14. Sukulu anamaliza, ntchito palibe, nde Loweruka amapita ndi anzake kukaimba m'maukwati, ndipo kawiri katatu anakaimbako pa baraka ina, malo omwera mowa, pamsika. Akulu a mpingo anamuitana, anamuimika kaye kuimba m'tchalitchi, mawu ake akuti manja omwe aimbira oledzera sangaimbirenso Mulungu, komanso akuti kamenyedwe kake ka ng'oma kayamba kununkha kudambwe ndi kubaraka. Anandiimbira foni usiku, akuti amalume, ine ndalakwa chani, nyimbo zomwe ndimaimba kubarakako theka lake nzomwezi za kutchalitchi, eni ake amachita kuzipempha. Anthu omwe anakhala pansi maola atatu kukambirana za manja a mwanayu ndi omwewo anakhala pamaliro a azakhali sipika ikuwaimbira, osaona cholakwika chilichonse.

Nkhondo yolimbana ndi ng'omayi si ya lero ndipo mpingo sunaipambanepo. Amishoni atafika kuno ku Angonia, Akatolika ku Lifidzi ndi a Dutch Reformed ku Mphatso, onse cha mu 1909, anabwera ndi nyimbo za kwawo nkuziveka mawu a Chinyanja, ndipo ng'oma anaiona ngati katundu wa kudambwe ndi kumowa basi. Agogo athu ankauzidwa kusankha, ubatizo kapena gule. Kwa Akatolika zinthu zinatembenuka pambuyo pa msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, womwe unalola zilankhulo za anthu pa Misa nkunenanso kuti nyimbo za makolo a anthu m'maiko a mishoni zilemekezedwe. Lero pitani pa Misa ya Pasaka paliponse mu dayosizi ya Tete, mukapeza ng'oma, maseche, nthungululu, atsikana akuvina kutsogolo poperekeza Mawu ndi zopereka, ndipo palibe amene amaganiza kuti Misa yadetsedwa. Kungodutsa malire pang'ono, ku Mua m'boma la Dedza, komwe amishoni ndi Nyau analimbana koopsa zaka za m'ma 1920, nkomwe wansembe Claude Boucher anadzakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, osungirako ndi kuphunzitsirako za gule yemweyo. Boma nalo linayesa, Frelimo itangotenga dziko mu 1975 inkati zamakolozi ndi obscurantismo, zaumbuli zobwezera anthu m'mbuyo, ndipo chipembedzo inkachiika m'thumba lomwelo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique yemweyu, ndipo chaka ndi chaka mu Ogasiti mafumu athu a ku Angonia, Macanga ndi Chifunde amapita ku Mkaika, ku Katete, kumwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ambiri a iwo Lamulungu lotsatira ali m'tchalitchi.

Komanso kubwerekana kumeneku sikunali kwa mbali imodzi. Amene munaonerapo gule pabwalo mukuwadziwa Maliya ndi Simoni. Mainawo anachokera kuti ngati si kutchalitchi? A kudambwe anaona zomwe zabwera m'mudzi, anazitenga nkuziika m'gule mwawo mwa njira yawo. Mpingo unatenga ng'oma, dambwe linatenga maina. Anthu okhala mudzi umodzi, omwa chitsime chimodzi, okwatirana, oikana maliro, sungawauze kuti makutu awo asamvane. Mwana wobadwira ku Domwe wamva mbalule ali kumsana kwa amake, wamva chimtali, wamva ngoma ya Angoni ndi kuponda kwake kuja kogwedeza nthaka, nde ukamupatsa ng'oma m'tchalitchi ukufuna manja ake alankhule chilankhulo cha kuti?

Ine m'badwo wanga nyimbo zauzimu zovinika tinazidziwira kothawa nkhondo. Tinawoloka ndili mwana, tinakhala mbali ya Dedza zaka zingapo, ngati anthu ena pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino amene Malawi anawasunga nthawi imeneyo. Kumeneko nkomwe ndinamva koyamba gitala yamagetsi ikuimbira Mulungu. Alleluya Band ya ku Balaka, yomwe inayambira pa parishi ya Katolika mu 1978, inkamveka pawailesi ndi m'makaseti paliponse, kamayendedwe kake ka rege, Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius akuimba. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, tinabwerera ndi mapoto, mabulangete ndi makaseti amenewo. Amayi anga ankawasunga m'chitini cha bisiketi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Nthawi imeneyonso analipo akuluakulu onena kuti rege ndi ya osuta chamba, singalowe m'nyumba ya Mulungu. Lero akuluakulu a lero, omwe anali anyamata nthawi ija, amati nyimbo zimenezo ndiye zauzimu zenizeni zaulemu, zoipa ndi izi za ana a masiku ano za amapiano. Lucius Banda atamwalira mu Juni 2024 ndinaona ndi maso anga madoda a mumpingo pa Ulongwe akupukuta misozi. Nde tizinena zoona, chomwe timachitcha kuti chamdziko nthawi zambiri chimakhala chomwe sitinakule nacho basi.

Za kubaraka nazo ndinene zomwe ndaona, chifukwa ndimakhala ku Tete ndipo sindiyenda nditatseka maso. Madzulo a Lachisanu ku Matundo kapena ku Moatize, anyamata a kumigodi ya malasha atalandira, mumamveka za mtundu uliwonse, kizomba, pandza, sungura ya ku Zimbabwe, za ku Malawi, za ku Joni. Koma usiku ukapita ndithu pamapezeka wina wopempha nyimbo yauzimu, ndipo ikalira anthu amaimirira, botolo m'manja, maso otseka, akuimba mawu onse osaphonya. Ena zimawanyansa, amati nkunyoza. Ine sizindinyansa. Ndimaona mwana wa munthu amene analeredwa ku Sande sukulu kapena ku katekisimu, ali kutali ndi kwawo, moyo wamupotoza, koma nyimbo ya amake yamupeza komwe aliko. Mlaliki sangalowe mmenemo nthawi imeneyo, akalowa amutulutsa. Nyimbo imalowa. Mu chapa chimodzimodzi, dalaivala amaika yauzimu ponyamuka m'mamawa, pofika pa Zobue waika ina yachikondi, ndipo okwera, Mkatolika, wa Zioni, Msilamu, wa kudambwe, onse akugwedeza mutu limodzi. Ngati mphwanga ali m'gulu la anthu amene amaifikitsa nyimboyo kumeneko, ine sindikuona chifukwa chomulanda kiyibodi Lamulungu.

Akulu ampingo aja sindikuwatenga ngati anthu opanda nzeru, ayi. Ena mwa iwo anandiphunzitsa kuwerenga. Mantha awo ndimawamva, aika ana ambiri amene anayamba ndi kukaimba kubaraka nkuthera mu kachasu ndi timapaketi tija, aona atsikana a kwaya akutengedwa ndi oimba odutsa. Zilipo nyimbo zina zotchedwa zauzimu zomwe ukachotsamo dzina la Yesu pamzere umodzi zotsalazo ndi kudzitama, galimoto, adani anga aone, ndipo kulipo kuvina kwina koti ngakhale ine bambo wa ana ndimayang'ana kumbali. Alipo oimba amene amayamba afunsa envulopu asanafunse kuti mwambo ndi wa chani. Zonsezi nzoona ndipo mpingo uli ndi ufulu wodzudzula. Koma dzudzulani mawu opanda pake, dzudzulani khalidwe la munthu ngati mwamuona ataledzera, mufunseni mwanayo ngati akumwa, mukhale naye pansi ngati makolo. Kamenyedwe ka ng'oma kalibe tchimo. Davide anavina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa likasa, amene anamunyoza ali pazenera ndi Mikala, ndipo tonse tikudziwa kuti Baibulo linaima mbali ya ndani pa nkhani imeneyo. Salimo 150 limatchula lipenga, zeze, lingaka, zitoliro, nsanje zolira kwambiri, zonse zomwe anthu a nthawiyo ankaimbira pa zikondwerero zawo.

Tsono taganizani chomwe chinasunga chikhulupiriro kuno kwathu nthawi zovuta. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoni za a Dutch Reformed kuno, amishoni nkuchoka, ndipo kwa zaka makumi angapo akhristu a mpingo umenewo anatsala okha, akupemphera m'midzi, ena kuwoloka malire kukabatizitsa ana ku Malawi. Analibe m'busa wokhala nawo, analibe limba, anali ndi nyimbo zomwe anaziloweza. Pambuyo pa ufulu, mu Julaye 1975, boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, ansembe ndi masisitere ambiri anachoka, malo ena opempherera anatsekedwa. Kenaka nkhondo. Mu Okotobala 1985 ansembe awiri a Chijezwiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno, ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera kufupi ndi Lifidzi. Zaka zimenezo anthu ankaika maliro mothamanga, nthawi zina usiku, popanda wansembe kapena m'busa, katekisiti yekha kapena mkulu wampingo, mwinanso palibe. Amayi anga amanena kuti tsiku lomwe tinathawa, tili m'tchire, azakhali omwewa ankaimba chapansipansi m'khutu mwa mwana wawo kuti asalire asilikali angamve. Buku la nyimbo linatsala m'nyumba yomwe inapsa. Nyimbozo zinawoloka malire chifukwa zinali m'mutu ndi pakhosi pa anthu. Ndikafunsa lero kuti zitati zachitikanso, Mulungu aletse, ana athu angawoloke ndi chani, yankho lake ndi memori khadi, ndipo memori khadi imafuna foni, foni imafuna moto.

Pali ntchito yomwe kuimba pamaliro kumagwira yomwe makina sangaigwire, ndipo aliyense amene anachezerapo m'siwa akuidziwa ngakhale sanaiganizirepo. Woyambitsa nyimbo amayang'ana anamfedwa. Akaona kuti kulira kwafika poti munthu akomoka, amatenga nyimbo yofatsa yomutsitsa mtima. Akaona kuti anthu ayamba kugwa ndi tulo cha m'ma 3, amatenga kolasi yothamanga, amayi nkuimirira kuwomba m'manja, kuzungulira pang'ono, magazi nkuyenda, kuzizira nkuchoka. Akalowa achibale ochokera kutali, kulira kukabukanso, amadziwa kuti apa tisiye kaye alire. Amadziwa nyimbo yomwe malemu ankaikonda, amadziwa vesi lomwe ankalakwitsa. Ndipo ovomera aja, pamene mukukoka mpweya nthawi imodzi anthu makumi atatu, wamasiye amamva m'thupi mwake kuti sali yekha. Paja amati maliro nkulirana. Sipika siona nkhope ya munthu, imangopitirira, ikatha iyi ibwera iyo, mwana wa malemu akomoke asakomoke. Choipa kwambiri nchoti imatipatsa tonse chilolezo chongokhala. Wabwera, waoneka, wapereka chipepeso, walembedwa m'kope, ntchito yolira wasiyira fulashi.

Ndikudziwa zomwe ena anene, ndipo mlamu wanga amene anabwereka sipikazo anandiuza kale pamaso. Akuti achimwene, inu mumakhala ku tauni, simukudziwa kuti masiku ano anthu m'mudzi achepa, anyamata ali ku Tete, ku Beira, ku Joni, amayi otsala ndi okalamba, mwezi umodzi maliro anayi, mawu awo angapirire bwanji usiku uliwonse? Akutinso pakhomo popanda sipika anthu amati banjali ndi losauka kapena silinamulemekeze malemu. Mfundo yoyambayo ndi yoona ndipo inandikhudza, sindingauze gogo wa zaka 70 kuti aimbe mausiku awiri osapuma m'chisanu cha Juni. Sipika ithandize madzulo anthu akusonkhana, ithandize masana adzukulu ali kumanda amayi ali pamoto, ithandize mlaliki kuti amveke kwa anthu ali kutali. Koma mfundo yachiwiriyo ndiyo ikundiopsa, chifukwa ikutanthauza kuti tayamba kuyeza ulemu wa maliro ndi kukula kwa phokoso, ndipo ndalama ya chipepeso yomwe ikanagula ufa kapena kuthandiza ana amasiye ikupita kwa mwini sipika ndi wogulitsa petulo. Komanso ngati amayi oimba atsala okalamba okha, funso nloti atsikana aja anali pakona ndi foni bwanji sakuzidziwa nyimbozo. Sanakane kuphunzira. Palibe anawaphunzitsa, chifukwa malo omwe ife tinaphunzirira, m'siwa momwemo, usiku, pambali pa amayi athu, ndi omwe tawapereka kwa makina.

M'tchalitchi namonso matendawa alowa, ndipo apa ndikulankhula ndi mipingo yonse, yakale ndi yatsopano yomwe yadzaza m'matauni mwathu. Kwaya imapita ku situdiyo, imajambula, zabwino ndithu, ndimagula nawo. Koma Lamulungu amabwera ndi fulashi, amaika nyimbo yawo yomwe, iwo nkumangoyendetsa milomo ndi kuvina masitepe. Mpingo wonse wakhala pansi ukuonera ngati kanema. Kwina kiyibodi amaikweza mpaka munthu sukudzimva wekha, nde umangosiya kuimba, ungalimbane ndi sipika? Kale nyimbo ikayamba m'tchalitchi mwathu denga la malata linkanjenjemera ndi mawu a anthu, amayi uku abambo uku, popanda anawaphunzitsa manotsi. Pano tili ndi zida zambiri kuposa kale lonse koma oimba achepa. Ndipo taonani mmene zinthu zapotokera, mwana amene amaimba ndi manja ake enieni, amene amamvetsera mpingo nkutsitsa kapena kukweza malinga ndi mmene anthu akuimbira, ndi amene waimikidwa, pomwe fulashi palibe anaiitanirapo ku bwalo la akulu kuifunsa komwe inagona Loweruka. Fulashi yomwe inalira pamaliro a azakhali ija ndinaifunsa kwa kamnyamata kaja, kanandiuza kosabisa kuti ndi yomweyo amagwiritsa ntchito paukwati ndi pa baraka, amangosintha foda.

Chomwe ndikupempha sichachikulu. Anyakwawa ndi akulu a mipingo m'midzi mwathu amagwirizana kale zambiri za maliro, za nkhuni, za ufa, za amene akumbe manda. Agwirizanenso kuti ikakwana nthawi yakuti usiku sipika izizima, anthu aziimba okha, ndipo banja lisachite manyazi nazo. Amayi a chigwirizano ndi a m'miphakati azitenga atsikana polowa m'siwa, osawasiya kukhitchini kokha. A kwaya, Lamulungu limodzi pa mwezi siyani fulashi kunyumba. Ndipo ana ngati mphwanga, amene ali ndi khutu ndi manja, m'malo mowathamangitsa apatseni ntchito, akhale pansi ndi agogo aja atole nyimbo zomwe zikupita nawo kumanda, makamaka makolasi aja osalembedwa m'buku lililonse, omwe anapekedwa konkuno ndi kothawa nkhondo. Akafuna kuwaika gitala ndi biti ya masiku ano awaike, ine ndivina nawo, bola mawu ake akhale pakamwa pa anthu.

Ndisanabwerere ku Tete, titamaliza zakumanda ndi kusesa, ndinamutenga mphwanga kupita naye kwa gogo uja anayambitsa nyimbo. Tinawapeza pakhonde akusola chimanga, miyendo atatambasula padzuwa. Mnyamatayo anagwada, anapereka moni, nkutulutsa foni, akuti agogo, ndimafuna muimbe zija munaimba usiku uja ndijambule. Gogo anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali, kenaka anati iwe mdzukulu wanga, kachinthu kakoko kaike m'thumba kaye, khala apa, ine ndiyambitsa iwe uzivomera, ukaigwira ndiye ujambule. Anakhala pamphasa, anampatsa chitsononkho ndi lichero kuti manja asakhale chabe. Nyimbo yoyamba anaibwereza kanayi chifukwa iye ankathamangira kutsogolo, gogo nkumamugwira bondo kuti dikira, apa timapuma. Ine ndinawasiya ali pa yachitatu, njinga yamoto inali itafika kale kudzanditenga kuti ndikapeze chapa ya masana pa Ulongwe. Nkhani ya mphwanga ya kumpingo ija sinathebe, akuti adzaikambanso mwezi wamawa, ndipo ndawauza akuluwo kuti tsiku limenelo ndidzabwera ndidzakhale nawo ngati malume wake.